Kuchuna matapeti: kantchito kochepa kopulumutsa injini

Wamalonda amene amadalira njinga yamoto kukapikula kabichi ndi tomato ku Lizulu amadziwa kuti njinga ikakana kulira m'mamawa, katundu wabwino amapita ndi anzake. Wakabaza nayenso tsiku limenelo ndiye kuti wagwa nayo. Ambiri amathamangira kugula pulagi kapena batire yatsopano, pamene vuto lili pa mavalavu.

Injini ya njinga zambiri za kabaza ili ndi mavalavu awiri: ina imalowetsa mpweya wosakanikirana ndi petulo, inayo imatulutsa utsi. Pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha pamasiyidwa kampata kakang'ono, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika pang'ono. Kukonza kampatako ndi kumene amakaniko amati kuchuna matapeti.

Kampata kakakula, injini imamveka "tiki-tiki" ndipo mphamvu imachepa. Kakachepa kwambiri ndiye zoopsa: valavu sitsekeka bwino, njinga imavuta kulira, imazima ikangoima, kenako valavu yotulutsa utsi imapsa. Apa ndalama zimapita zambiri, chifukwa pamafunika kutsegula mutu wa injini ndi kugula zipangizo. N'chifukwa chake makaniko womanga matapeti mpaka phokoso lonse litatha sakuthandiza mwini njinga. Kaphokoso kochepa n'kabwino kuposa injini ya zii imene ikupsa m'kati.

Ntchitoyi imagwiridwa injini itaziziratu, makamaka m'mawa isanalizidwe. Makaniko amachotsa chivindikiro cha pamwamba pa injini, n'kuzungulitsa injini ndi sipanala mpaka chilembo T chifanane ndi kamzere ka pa kabowo ka m'mbali. Tizitsulo tonse tiwiri tokankha mavalavu tiyenera kugwedera pang'ono. Ngati tili gwa, azungulitsenso kamodzi. Akatero amalowetsa feeler gauge, kampeni kopyapyala koyezera mpata. Kazilowa mokhula pang'ono, osati mokakamiza kapena molobodoka. Ngati muyeso walakwika, amamasula nati, n'kupotoza kasikuluu, kumanganso nati, kenako kuyezanso, poti pomanga muyeso umatha kusuntha.

Pa njinga zing'onozing'ono zambiri, mpatawu umakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10. Mwachitsanzo, pa Honda CG125 ndi 0.08 ku mavalavu onse awiri. Muyeso weniweni wa njinga iliyonse, komanso makilomita oyenera kuyendedwa isanayezedwenso, zimalembedwa m'kabuku kobwera ndi njingayo.

Njinga yosenza matumba ndi anthu tsiku lonse imafunika kuyezedwa pafupipafupi. Popereka njinga ku galaja, mwini wake afunse kaye kuti aone feeler gauge. Ngati makaniko alibe, kapena akufuna kuchuna injini ikadali yotentha, ndi bwino kupita kwina.