ALICK NKHATA, MMISIRI WA GITALA

Gitala ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Wofuna kuiphunzira ayamba ndi kukunga nsambozo kufikira mau ace agwirizana. Pambuyo pace azoloweza zala za dzanja lamanzere kupsinja nsambo, pamene dzanja lamanja liliza. Masiku oyamba zala zicita matuza, ndipo anyamata ambiri alekera pomwepo. Ena apirira, koma angotsanzira nyimbo zocokera kutsidya la nyanja. Otere sitinganene kuti ndi amisiri.

A Alick Nkhata anatsata njira yina. Iwo anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate ao anali Mtonga wa ku Nyasaland, kumene tsopano ndi ku Malawi, ndipo amai ao anali Mbemba. Anaphunzira uphunzitsi, ndipo pa Nkhondo Yaciwiri anapita ndi asilikali ku Burma.

Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anali kuyendayenda m'midzi ndi makina ojambulira mau. Nchito imeneyo inali ngati sukulu. A Nkhata anamva nyimbo za pamtondo, za alenje ndi za pagule, nazindikira kuti zingathe kukhala pa nsambo za gitala osataya kukoma kwace. Kucita zimenezi nkobvuta, ana inu, cifukwa m'zinenero zathu liu lililonse lili ndi kakwezedwe kace. Wopeka nyimbo akalipotoza kuti litsate gitala, akulu amva cinthu cina kapena angoseka.

Ca m'ma 1950 analowa nchito pa wailesi ya ku Lusaka. Nthawi yomweyo kawailesi kotsika mtengo kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kanali kulowa m'nyumba zambiri. Pamenepo anasonkhanitsa anzao napanga kagulu ka oimba anai, cifukwa gitala imodzi siikwanira: pafunika wina wogwira mau akulu apansi, ndi ena obvomereza nyimbo monga ticitira kumudzi. Kaguluko kanakula nikachedwa Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pace Big Gold Six. Anali kuimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, ndipo nyimbo zao zambiri zinali zolangiza ndi zoseka makhalidwe a m'tauni.

A Nkhata anafa m'caka ca 1978 ku Mkushi, kumene anali ndi munda, pamene asilikali a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi pomwepo. Mseu wina waukulu wa mu Lusaka unachedwa dzina lao.