Tsiku Limene Chipewa cha Woody Chinasowa

M'chaka cha 1998, anthu a pa kampani ya Pixar ku California, m'dziko la America, anali pakalikiliki kukonza kanema wa zidole wotchedwa Toy Story 2. Mafayilo onse a kanemayo anali kusungidwa pa kompyuta imodzi yaikulu, ndipo anchito ambiri anali ndi ufulu wolowamo, kusintha kapena kufufuta kanthu.

Tsiku lina Bambo Oren Jacob, mmodzi wa akatswiri a pamenepo, anaona zinthu za chidole chotchedwa Woody zikuzimirira iwo akupenya. Chipewa chinapita, nsapato zinatsatira, kenaka Woody yemwe. Munthu wina anali atalemba lamulo lofufuta, lija amalitcha rm, ali pa malo olakwika, ndipo lamulolo linayamba kusesa kuchokera pa tsinde kunka ku nthambi zonse. Pamene anathimitsa makinawo, magawo 9 mwa magawo 10 a nchitoyo anali atatha.

Poyamba mitima inali m'malo, pakuti panali matepi osungira makope. Komatu nkhokwe imene mwini wake sasuzumiramo amaidya ndi anankafumbwe, iye ali chikhulupirire kuti chimanga chilipo. Makina okopera anali atasiya kugwira bwino nchito, ndipo palibe anadziwa, popeza panalibe woyesa kubweza zosungidwazo kuti aone ngati zinali zathunthu. Apa ndi pamene panagona vuto lenileni, osati pa chala cha wolakwitsa uja.

Chipulumutso chinachokera kwa khanda. Mayi Galyn Susman, mkulu wa akatswiriwo, anali atangobereka kumene, tsono anali kugwirira nchito kunyumba, ndipo kompyuta yao inali ndi kope la kanemayo. Iwo ndi Bambo Jacob anakaikulunga m'mabulangete, naimanga ndi lamba wa mpando m'galimoto la Volvo, nayenda pang'onopang'ono monga onyamula wodwala wakayakaya.

Itayatsidwa, mafayilo anapezeka. Koma kopelo silinali la tsiku lomwelo, kotero anthu anachezera usiku kufananiza mafayilo masauzande ambiri, imodzi ndi imodzi.

Chodabwitsa nchakuti patangopita miyezi, akuluakulu a Pixar anaona kuti nthano yake sinali yogwira mtima. Anataya okha gawo lalikulu la zimene zinapulumukazo, nayambanso. Kanemayo anatuluka mu Novembala 1999.