Kusankha Nyengo ya Ulendo wa ku Mosi-oa-Tunya

Munthu akaima pamalo okwera m'mzinda wa Livingstone m'mwezi wa Epulo, nayang'ana cakumwera, aona cinthu conga utsi cirikukwera kumwamba. Mlendo angayese kuti chire lirikupsa. Koma mwana wa ku Malota adziwa kuti si moto iai, koma nthunzi ya madzi a Zambezi pamene alikugwera m'phompho. Cifukwa ca ici Akololo anacha mathithiwo Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena kuti utsi wogunda. David Livingstone anawaona m'caka ca 1855, nawacha Victoria Falls. Kutambalala kwake ndi mamita 1,708, ndipo pozama penipeni madzi agwa mamita 108.

Dziko la m'mbali mwa mathithi, ku tsidya la Zambia, ndilo nkhalango yosungiramo nyama imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972. Nkhalangoyi ndi yaing'ono, koma muli njobvu, njati, mbidzi, nyamalikiti, njiri ndi zipembere zoyera zimene alonda a nyama azilondera usana ndi usiku.

Tsono ana a sukulu ya ku Malota akafuna kukagona m'mahema pafupi ndi nkhalangoyi, mtunda suwabvuta, pakuti mathithi ali monga makilomita 10 kucokera mumzinda. Cobvuta ndico kusankha mwezi. Ndalama za ulendo zisonkhedwa pang'onopang'ono ndi makolo amene azipeza mobvutikira. Ana akasankha nyengo yolakwika, angabwerere osaona madzi, osaona nyama, kapena osapeza ndi pomanga hema pomwe.

Coyamba cimene ayenera kudziwa ndico mayendedwe a madzi. Mvula ku Livingstone igwa kuyambira Novembala kufikira Malici, koma mathithi sadzala m'miyezi yoyamba ya mvula. Madzi ambiri a Zambezi acokera kutali, ku dera la Mwinilunga ndi ku Angola. Potsika ayamba afalikira m'dambo lalikulu la Alozi, nacedwa m'menemo masabata ambiri. Cotero afika ndi mphamvu yao yonse ca m'mwezi wa Epulo, mvula itatha kale. Pamenepo nthunzi icuruka kotero kuti wowoloka pa kamlatho ka Knife Edge abvumbwa thupi lonse, ndipo mathithi enieniwo aoneka mwa apo ndi apo. Koma m'Okutobala ndi Novembala madzi acepa, ndipo mbali ya kum'mawa, ndiyo ya ku Zambia, kawirikawiri itsala matanthwe okhaokha.

Caciwiri ndico makhalidwe a nyama. M'dzinja madzi apezeka paliponse, ndipo nyama zibalalika ndi kubisika m'udzu wautali. M'cirimwe zithaphwi ziuma, udzu ugwa, mitengo iyoyola masamba, ndipo nyama zonse zitsikira kumtsinje kukamwa. Njobvu nazo ziwoloka Zambezi kucokera ku Zimbabwe madzi akaphwera. Motero nyengo yoonera nyama bwino iyamba m'Julayi kufikira Okutobala. Apa cioneka cinthu cozizwitsa: mwezi wokomera mathithi sukomera nyama, ndipo mwezi wokomera nyama sukomera mathithi.

Cacitatu ndico unyinji wa anthu. M'Julayi ndi Ogasiti ku Ulaya ndi ku America kuli nyengo yotentha imene anthu apumula pa nchito zao, ndipo ambiri adza kudzaona mathithi. Sabata loyamba la Julayi liri ndi masiku awiri opumula a dziko lonse la Zambia, Lolemba ndi Laciwiri, ndipo mabanja a ku Lusaka ndi ku Migodi atsikira ku Livingstone. M'Ogasiti masukulu atsekedwa. Pa Pasaka ndi pa Khrisimasi napo anthu acuruka ndithu. Masiku otere malo a misasa adzala msanga, mitengo ya zogona ikwera, pacipata pakhala mzere wautali, ndipo m'tinjira topapatiza ta m'mbali mwa phompho anthu apanikizana. Mphunzitsi woyang'anira ana ambiri pamalo otere mtima sukhala pansi.

Nanga wanzeru asankha liti? Asankha masabata a pakati, kuyambira kumapeto a Meyi kufikira kumapeto a Juni. Pamenepo madzi akali ambiri, koma nthunzi yayamba kucepa, ndipo mathithi aoneka bwino pamodzi ndi uta wa Leza. Njira zauma, udzudzu wacepa, udzu wayamba kufota, ndipo alendo a kutali sanacuruke. Popeza sukulu ikhala yotsegula, ana anyamuka Lacisanu ataweruka, nalawirira kumathithi Loweruka m'mamawa cipata citangotsegulidwa, anthu ena asanafike.

Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Juni ndiwo mwezi wa cisanu, ndipo usiku m'mbali mwa mtsinje muzizira koopsa. Mwana ali yense ayenera kunyamula mabulangete awiri ndi cobvala cofunda. Ndiponso nyama sizioneka zambiri monga m'Seputembala. Wosankha Juni ataya pang'ono pa nyama, napindula pa madzi, pa malo ndi pa ndalama.

Mwezi utasankhidwa, mphunzitsi apangana ndi eni malo a misasa masabata angapo ulendo usanafike. Hema samangidwa paliponse pamene munthu afuna, koma pamalo ololedwa okha, monga aja ali m'mbali mwa Zambezi ndi Maramba. Akulu anyamula zitupa zao, pakuti nzika za Zambia zilipira ndalama zocepa pacipata kusiyana ndi alendo a maiko ena. Ana agawana katundu: ufa, kapenta, nyemba, mcere, miphika, makala, nyali, zigubu za madzi akumwa ndi maukonde a udzudzu.

Pamsasa pali malamulo osayenera kuiwalika. Cakudya citsekeredwa m'bokosi, cifukwa anyani a kumathithi anazolowera kulanda m'manja mwa anthu. Palibe wosamba mumtsinje, pakuti muli ng'ona. Palibe woyendayenda kukada, pakuti mvuu zituruka usiku kukadya msipu, ndipo njobvu zidutsa mwakacetecete. Moto uzimidwa anthu asanagone, ndipo zinyalala zonse zitoledwa pocoka.

Anthu a maiko akutali ayenda masiku ndi kulipira ndalama zambiri kuti aone Mosi-oa-Tunya, ndipo afika pa mwezi umene nchito zao ziwalola. Mwana wa ku Malota ali ndi mwai wowaposa. Iye akhoza kuyang'ana utsi uja mwezi ndi mwezi, nauona ukukula ndi kucepa, nadikira kufikira nyengo yake itakwana.

Mafunso

1. Cifukwa ninji mathithi adzala m'Epulo, mvula itatha kale?
2. Cifukwa ninji nyama zioneka bwino m'cirimwe?
3. Chulani nyengo zitatu zimene alendo acuruka ku Livingstone.
4. Kodi wosankha mwezi wa Juni apindula ciani, nanga ataya ciani?