Kodi Dzina la Bizinesi Limagulidwa pa Google?

(Kulira kwa ng'oma, kenako kutsika pang'onopang'ono)

  Lero pa pulogalamu yathu ya mbiri ndi miyambo tili ndi funso lomwe lazunguza mitu ya amalonda ambiri muno m'Chipata: kodi munthu ayenera kulipira kuti bizinesi yake ipezeke pa Google? Nanga akalipira, ndalamayo imagula chiyani?

(Phokoso la pamsika, mabelu a njinga)

Tauni ino inakula chifukwa cha alendo. Atsamunda ankaitcha Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911. Dzina loti Chipata linakhazikika dziko litalandira ufulu, ndipo mu 2017 tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda. M'zaka zonsezi, wamalonda aliyense ankalimbana ndi nkhani imodzi, yoti mlendo amupeze. Ku Down Shops eni masitolo ankalembetsa dzina la banja lawo ndi penti pamwamba pa khomo. Telala ankaika makina ake pakhonde kuti odutsa aone nsalu ndi kumva kulira kwa makinawo. Amene anali ndi lamya ya mawaya ankalembedwa m'buku la manambala, ndipo wofuna malo aakulu m'masamba achikasu a bukulo ankapereka ndalama. Mu 2002 a Mike Daka anatsegula wailesi ya Breeze FM, ndipo zidziwitso za malonda zinayamba kufika m'midzi yomwe nyuzipepala sinkafikako.

Alendowo akubwerabe. Kumapeto kwa February amadzaza ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala wa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni. Kumapeto kwa August amakhamukira ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique akamalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ena amagona muno popita kukaona nyama ku South Luangwa, ena ndi oyendetsa malole odutsa pa malire a Mwami. Chomwe chasintha n'chakuti mlendo wa lero amasankha pogona asananyamuke. Akadali ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East, amatulutsa foni n'kulemba mawu awiri kapena atatu: malo ogona, Chipata.

Tiyeni tisuzumire pa foni yakeyo. Pamwamba penipeni nthawi zambiri pamabwera mayina olembedwa kamawu ka Chingerezi koti Sponsored. Amenewo alipira. M'munsi mwake mumabwera mapu okhala ndi timadontho tofiira, pambali pake dzina la malo, nyenyezi zomwe alendo akale anapereka, nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira. Kenako pamabwera mndandanda wa masamba ena. Pa mapuwo ndi pa mndandandawo, ngati palibe kamawu kaja, palibe amene wagula malo. Chala cha mlendo chimathamanga, ndipo ambiri safika n'komwe pansi pa tsamba loyamba. Apa m'pamene pagona mkangano wonse.

(Nyimbo pang'ono)

Mkanganowu ndi wakale ngati intaneti yomwe. Mu 1994, chaka chomwe ZAMNET inalumikiza Zambia ku intaneti kuchokera pa yunivesite ya UNZA, ophunzira awiri a ku Stanford ku America, a Jerry Yang ndi a David Filo, anayamba kulemba mndandanda wa masamba a pa intaneti omwe anautcha Yahoo. Ankasankha ndi manja, tsamba limodzilimodzi. Masamba atachuluka, odikira anachulukanso, ndipo Yahoo inayamba kulipiritsa amalonda ofuna kuonedwa msanga. Mtengo unafika pa madola 299 pachaka.

Mu 1998 a Bill Gross anabwera ndi njira ina pa kampani yawo ya GoTo.com. Iwo anati malo oyamba akhale a yemwe watchula mtengo waukulu, ndipo azilipira pokhapokha munthu akadina dzina lakelo. Kampaniyi inasintha dzina kukhala Overture, ndipo Yahoo inaigula mu 2003 pa madola oposa biliyoni imodzi ndi theka. Makampani ena, monga Inktomi, ankalandira ndalama kuti angolowetsa tsamba m'kaundula wawo. Vuto linali lakuti wofufuza sankadziwa kuti dzina lomwe akuona labwera chifukwa cha ubwino wake kapena chifukwa cha ndalama. Anthu atadandaula, mu 2002 bungwe la boma la America loona za malonda, la Federal Trade Commission, linalembera makampaniwa kuti azionetsa poyera zomwe zalipiridwa. Kamawu kaja komwe mumaona pa foni yanu kanachokera ku nkhondo imeneyo. Yahoo inasiya kulipiritsa kulowetsa masamba m'kaundula wa makina ake ofufuzira kumapeto kwa 2009.

Google, yomwe a Larry Page ndi a Sergey Brin anakhazikitsa mu 1998, inatenga njira yosiyana. Ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot yomwe imayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kuwerenga masamba ndi kuwalemba m'kaundula popanda kulipiritsa. Posankha loti likhale pamwamba, poyamba inkadalira kwambiri kuwerenga kuti ndi masamba angati odalirika omwe akulozera ku tsamba lanu. Masiku ano imaonanso zina zambiri, monga ngati tsambalo likuyankha zomwe munthu wafunsa, ngati likutseguka bwino pa foni, komanso komwe wofunsayo ali. Ndalama zake Google imazipeza pa zotsatsa malonda, zomwe inayamba mu 2000 ndi dzina loti AdWords, lero Google Ads. Kumeneko amalonda amapikisana mitengo, ndipo ndalama ikatha dzina limachoka pamwamba paja nthawi yomweyo.

Zili ngati pa siteshoni ya mabasi. Ang'wang'wazi amakuwira basi ya yemwe wawapatsa kangachepe, koma wapaulendo wozolowera amafunsa anzake kuti ndi basi iti imafika bwino. Kukuwako kumagulidwa. Mbiri yabwino siigulidwa.

(Kulira kwa foni)

Tsopano tiyerekeze mayi wina yemwe ali ndi nyumba ya alendo ya zipinda zochepa ku Kalongwezi. Ali mkati moyala mabedi, foni yalira. Mawu aulemu ndithu: "Amayi, ndife a Google. Bizinesi yanu ichotsedwa mawa mukapanda kulipira. Tumizani ndalama pa nambala iyi, mudzakhala nambala wani." Mayiyo mtima uli phaphapha, poti Nc'wala yayandikira ndipo zipinda zikadali zopanda anthu.

Amayi, musatumize. Kulembetsa bizinesi pa mapu a Google n'kwaulere, kudzera pa chomwe amachitcha Google Business Profile. Mumalemba dzina, malo, nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira, n'kuika zithunzi. Kenako amakupemphani kutsimikiza kuti malowo ndi anudi, mwina ndi manambala achinsinsi omwe amakutumizirani, mwina pojambula kanema woonetsa chikwangwani ndi mkati mwa nyumba. Manambala achinsinsiwo musapatse munthu, chimodzimodzi PIN ya ndalama za pa foni. Eni ake a Google amanena poyera kuti palibe amene angalonjeze malo oyamba pa mndandanda wawo. Wolonjeza zotere ndi wabodza, ndipo nkhani yake ikanenedwe ku polisi kapena ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko muno.

Sitikunena kuti zonse za pa intaneti n'zaulere, ayi. Wofuna tsamba lakelake amalipira dzina la tsambalo chaka ndi chaka, kaya lothera ndi .com kapena .zm (la .zm limayang'aniridwa ndi ZICTA). Amalipira malo osungirako tsambalo. Mnyamata kapena mtsikana yemwe walikonza ayeneranso kulandira zake, poti wagwira ntchito. Makampani osungitsira malo ogona ngati Booking.com amatapako gawo pa mlendo aliyense yemwe akubweretserani. Kutsatsa pa Google kapena pa Facebook nakonso kuli ndi malo ake, makamaka m'masabata oyandikira Nc'wala ndi Kulamba, pamene ofuna pogona amachuluka. Chofunika n'kudziwa chomwe mukugula. Funsani wokuthandizaniyo kuti ndalama ikupita kuti, dzina la tsamba lalembetsedwa m'dzina la ndani, ndipo mawu achinsinsi olowera asunga ndani. Alipo amalonda omwe ataya masamba awo chifukwa wokonza anasamuka ndi makiyi onse.

Ndipo chomwe chimakweza dzina popanda ngwee n'chomwe makolo athu ankachidziwa kale. Nambala ya foni ikhale yogwira, ndipo ikalira iyankhidwe. Zithunzi zikhale za chipinda chenichenicho, osati zotola kwina. Mlendo akakhutira, mupempheni alembe mawu awiri pa mapu paja. Akadandaula za madzi kapena udzudzu, muyankheni mwaulemu n'kukonza. Kugula nyenyezi zabodza kumaletsedwa, ndipo Google ikazindikira imazichotsa.

Pali mbali inanso yokhudza ife eni chilankhulo. Google inaika Chichewa pa makina ake omasulira mu 2014, koma masamba olembedwa m'chilankhulo chathu akadali ochepa. Makina ofufuzira sangaonetse chomwe sichinalembedwe. Mbiri ya Mtenguleni, ya Mkaika, ya misika ya Kapata ndi Saturday Market, ngati ife sitiilemba, ofufuza adzangopeza zomwe alendo analemba za ife.

(Ng'oma ziyambiranso chapansipansi)

Omvera athu, inu a magolosale, a malo ogona, osoka, okonza njinga ndi ogulitsa mtedza, lembetsani bizinesi yanu nokha, kapena mwana wanu akuthandizeni inu muli pomwepo. Kulowa m'kaundula wa Google n'kwaulere, kutsatsa n'kolipira, ndipo malo oyamba pa mndandanda waulere palibe amene angakugulitseni. Musanatumize kwacha iliyonse kwa munthu yemwe simunamuonepo, yambani mwafunsa.