Momwe mungalumikizire ofesi ndi madepoti pogwiritsa ntchito rauta

Nthawi yogula mbewu ikafika, mabungwe a alimi ku Angónia ndi ku Tsangano amatsegula madepoti m'midzi. Vuto limakhala pa makaundula. Mlimi akapereka soya ku Dómuè, ofesi ya ku Ulónguè imadikira kope kuti libwere pa njinga yamoto, ndipo ndalama zake zimachedwa. Rauta ikhoza kuchepetsa mtunda umenewu.

Rauta ndi kabokosi kolandira intaneti n'kuigawira makompyuta ndi mafoni, kudzera pa waya kapena pa Wi-Fi. Kumudzi yoyenera ndi ya 4G, yolowa simu khadi ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Musanagule, yesani ndi foni pamalo pomwepo kuti muone kampani imene ikugwira bwino.

Ikani rauta pamalo okwera, pafupi ndi zenera, chifukwa malata ndi makoma a njerwa amafooketsa netiweki. Marauta ambiri amadya moto wochepa, wa 12 volts, choncho sola ndi batire zimakwanira. Waya wopita ku kompyuta usapitirire mamita 100.

Mukaiyatsa, tsegulani pa kompyuta adiresi yolembedwa kunsi kwake, monga 192.168.1.1. Choyamba sinthani pasiwedi imene inabwera nayo, chifukwa nthawi zambiri imangokhala "admin". Kenako tsekani Wi-Fi posankha WPA2. Mukapanda kutero, anthu apamsika adzakuthererani mamega.

Inu a m'malire, ku Calómuè ndi ku Biriwiri, samalani apa. Nsanja za Airtel ndi TNM za ku Malawi zimafika mpaka kuno, ndipo simu imene ili ndi roaming ikhoza kulumphira kumeneko, ndalama n'kutha mwamsanga. Zimitsani roaming mu rauta, ndipo sankhani nokha kampani yanu m'malo moisiya izisankha yokha.

Kuti maofesi awiri aziona kaundula mmodzi, pamafunika VPN. Iyi ili ngati kanjira kobisika pakati pa marauta awiri, kamene anthu ena a pa intaneti sangawerenge zodutsamo. Sikuti rauta iliyonse ili nayo, ndiye funsani pogula. Manambala a mbali ziwirizi asafanane: ofesi ikhale pa 192.168.1.1, depoti pa 192.168.2.1. Akafanana, uthenga sudziwa kolowera. Rauta ya ku ofesi imafunanso adiresi yoti depoti iziipeza kuchokera kunja, ndipo simu wamba nthawi zambiri ilibe. Kambiranani ndi kampani ya foni kapena katswiri wa makompyuta musanalipire zipangizo.

Mukamaliza, lembani dzina limodzi loyesera ku depoti, muone ngati laoneka ku ofesi. Musataye makope. Tsiku limene netiweki yasowa, kope ndilo mboni ya mlimi. Ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mawaya a rauta mpaka itakata.