Mayina a Anzathu a ku China Ali ndi Tanthauzo Ngati Athu

Ambiri a inu mumakagula nsomba ndi masamba ku Chinatown, pomwe msewu wa Spadina umakumana ndi Dundas. Ena mumagwira ntchito limodzi ndi anzathu a ku China. Kodi munawafunsapo tanthauzo la mayina awo?

Kwa iwo mfunda ndiwo umayamba, dzina la munthu mwini limabwera pambuyo. Mukamva kuti Wang Wei, mfunda ndi Wang, monga Banda kapena Mwale kwathu. Wang ndi mfumu, Huang ndi chikasu, Lin ndi nkhalango. Pa chilankhulo cha ku Hong Kong, Wang ndi Huang amamveka chimodzimodzi, Wong, choncho a Wong awiri kuntchito kwanu akhoza kukhala a mifunda yosiyana.

Mwana akabadwa, makolo amasankha chilembo chimodzi kapena ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Ming ndi kuwala, An ndi mtendere, Mei ndi kukongola. Kukweza kapena kutsitsa mawu kumasinthanso tanthauzo: "ma" akhoza kukhala mayi kapena hatchi. Izi si zachilendo kwa ife, amene timasiyanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika.

Mayina ocheza nawonso ali ndi dongosolo. Wamng'ono amamutcha Xiao Wang, wamkulu amene mwazolowerana naye ndi Lao Wang. Ana amawabwerezera dzina powasangalatsa, Ming n'kukhala Mingming. Kale kumidzi ena ankapatsa khanda dzina lonyansa ngati Gousheng, zotsala za galu, poganiza kuti mizimu yoipa ilinyoza n'kulisiya. Kwathunso banja likaferedwa motsatizana, mwana ankatchedwa Maliro kapena Mavuto.

Alendo nawo amapatsidwa mayina. Dokotala Norman Bethune, amene anaphunzira pa University of Toronto ndipo anamwalira ku China mu 1939, amadziwika kumeneko kuti Bai Qiu'en. Dzinali limamveka ngati Bethune, koma zilembo ziwiri zomalizazo zimatanthauza kupempha chisomo. Mark Rowswell, wophunziranso pa yunivesite yomweyi, anatchuka pa wailesi ya kanema ku China ndi dzina loti Dashan, phiri lalikulu. Kwathu tikanangoti a Phiri!

Achinyamata ambiri a ku China kuno ali ndi dzina lachingerezi la kusukulu ndi kuntchito, pomwe dzina lenileni limamveka pakhomo pokha. Ana athu akukumana ndi zomwezi. Tadala ndi Limbani amatopa ndi kuwongola aphunzitsi, mapeto ake amalola kudulidwa dzina. Mwana amene sanauzidwe chifukwa chimene agogo ake anamutchulira choncho savutika kulitaya. Muuzeni tanthauzo lake ndi zimene zinkachitika pakhomo pamene ankabadwa. Ndipo mnzanu wa kuntchito uja mumamutcha Kevin, mufunseni mwaulemu dzina limene amayi ake amamuitanira, muliphunzire kutchula bwino.