Kodi amapeza bwanji dzina limodzi m'mizere 30 miliyoni?

Ana inu, ngati kunyumba kwanu kuli foni ya Android, muli pulogalamu ina m'kati mwake imene simuiona ndi maso. Dzina lake ndi Linux. Ndiyo imathandiza kuti mapulogalamu ena onse azimvana ndi kamera, sipika, batire ndi zida zina za foniyo. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland.

Pulogalamu iliyonse imachita kulembedwa. Anthu amalemba malangizo mzere ndi mzere, monga mmene inu mumalembera m'kope, ndipo malangizowo amatchedwa khodi. Linux yoyamba inali ndi mizere pafupifupi 10,000. Lero mizereyo inadutsa 30 miliyoni, ndipo ili m'mafayilo oposa 70,000 olembedwa ndi anthu zikwizikwi a m'mayiko ambiri. Mutati muziwerenga mzere umodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, osapita kusukulu, mizere 30 miliyoniyo ingakutengereni masiku 347. Chaka chathunthu chingotsala pang'ono kukwana!

Tsono tiyerekeze kuti mtsikana wina akuphunzira kulemba khodi, ndipo powerenga Linux wakumana ndi dzina lakuti printk. Ili ndi dzina la kachigawo ka khodi kamene Linux imagwiritsa ntchito polemba uthenga wonena zimene zikuchitika m'kati mwake. Mtsikanayo akufuna kudziwa kumene kachigawoka kanafotokozedwa, komanso malo onse amene kakutchulidwa. Ayambire pati?

Njira yoyamba ndi youza kompyuta kuti itsegule fayilo iliyonse n'kuyang'ana mzere uliwonse. Pali kapulogalamu kakale kochita zimenezi, kotchedwa grep, kamene Ken Thompson analemba mu 1973, ndipo mpaka lero anthu amakakonda. Pa kompyuta ya munthu mmodzi kamagwira bwino ntchito. Koma anthu ambirimbiri akamafunsa nthawi imodzi kudzera pa intaneti, aliyense funso lake, kuwerenga zonse kuyambira pachiyambi pa funso lililonse kumachedwetsa kwambiri.

Nzeru yothetsera vutoli mwina munaiona kale kutchalitchi. Wotsogolera akatchula nyimbo osanena nambala, agogo savundukula buku lonse tsamba ndi tsamba. Amapita pa mndandanda wa nyimbo zonse umene unasanjidwa motsatira alifabeti, n'kupeza nambala pompo. Mndandanda wotere ndi mlozera. Munthu wina anatopa nawo kamodzi kokha, kuti ena onse asamavutike.

Akatswiri a khodi amachita chimodzimodzi. Kompyuta imawerenga mafayilo onse kamodzi, funso lisanabwere n'komwe. Ikamawerenga imatembenuza nkhani. Fayilo payokha imatiuza mayina amene ali m'kati mwake. Mlozera umayambira pa dzina n'kutiuza mafayilo ndi mizere imene dzinalo lili. Mtsikana uja akalemba printk, kompyuta siiwerenganso Linux yonse. Imangopita pa dzinalo mu mlozera, ndipo yankho lili pomwepo.

Komabe khodi ili ndi kavuto kake. Dzina lakuti printk limapezeka m'malo masauzande, koma malo ochepa kwambiri ndi amene amafotokoza chimene printk ili. Zili ngati dzina lanu: limatchulidwa m'kalasi, kubwalo la mpira ndi kuchigayo, koma kwanu n'kumodzi. Mlozera wabwino uyenera kusiyanitsa kwawo kwa dzina ndi kumene langotchulidwa. Ntchito yopeza kwawo kwa mayina inayamba kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Ken Arnold analemba kapulogalamu kotchedwa ctags kochita zimenezi. M'zaka za m'ma 1990, anthu awiri a ku Norway, Arne Georg Gleditsch ndi Per Kristian Gjermshus, anapanga LXR, imene inaonetsa khodi ya Linux pa intaneti mwakuti ukadina dzina umafika kwawo kwa dzinalo.

Nanga ngati ukungokumbukira kachidutswa ka dzina, osati lonse? Apa ndi pamene ine pamandisangalatsa koposa, chifukwa nzeru yake ngakhale mwana wa Sitandade 4 angathe kuiyesa. Mu 2006 Russ Cox, akugwira ntchito kwa kanthawi ku Google, anamanga makina ofufuzira khodi otchedwa Google Code Search. Mlozera wake sunasunge mawu athunthu, koma timagulu ta zilembo zitatuzitatu zotsatizana.

Tiyeni tiyese ndi mawu athu. Tengani mawu akuti chimanga. Yambani pa chilembo choyamba, tengani zitatu, kenako sunthani kamodzi: chi, him, ima, man, ang, nga. Timagulu tilipo 6. Kompyuta imadula chonchi zonse zolembedwa m'fayilo, ndipo pa kagulu kalikonse imalemba nambala za mafayilo amene kakupezeka. Munthu akafufuza manga, kompyuta imatenga mndandanda wa man, wa ang ndi wa nga, n'kusankha mafayilo okhawo amene ali m'mindandanda itatu yonse. Mafayilo ambirimbiri amagwa pomwepo osatsegulidwa n'komwe.

Koma chenjerani, pali msampha. Tinene kuti mukufuna mbale. Timagulu take ndi mba, bal ndi ale. Fayilo ina ili ndi mawu akuti mbatata, bala ndi kale. Taonani: mba alimo, bal alimo, ale alimonso, koma mbale mulibe! Choncho mlozera wa zilembo zitatu sunena kuti "ndapeza". Umangonena kuti "yang'anani muno ndi muno mokha". Pomaliza kompyuta imatsegula mafayilo ochepa otsalawo n'kutsimikiza ndi kuwerenga kwenikweni.

Vuto lina ndi lakuti Linux siikhala malo amodzi. Pakangotha milungu 9 kapena 10 pamatuluka ina yatsopano, ndipo anthu amafunabe kufufuza m'zakale zomwe. Kampani ya ku France yotchedwa Bootlin inapanga makina otchedwa Elixir, amene amasunga mlozera wa Linux zakale ndi zatsopano. Khodi ya Linux imasungidwa mu Git, pulogalamu imene Torvalds yemweyo anayamba mu 2005. Git imawerengera nambala yaitali kuchokera pa zolembedwa m'fayilo, ngati chidindo cha chala. Chilembo chimodzi chikasintha, chidindo chimasinthanso. Mafayilo ambiri sasintha Linux yatsopano ikatuluka, ndiye Elixir imayang'ana zidindo. Chimene inachiona kale imachidumpha, n'kuwerenga zatsopano zokha.

Loweruka lino yesani kupanga mlozera wanu. Tengani kope lanu la sayansi, lembani nambala pa tsamba lililonse, ndipo sankhani mawu 10 monga madzi, mpweya ndi mbewu. Asanjeni motsatira alifabeti pa pepala lina. Werengani kope lonse kamodzi, ndipo mukakumana ndi mawu amene munasankha, lembani nambala ya tsamba pafupi nawo. Pa tsamba limene aphunzitsi anafotokoza tanthauzo la mawuwo, zungulizani nambalayo ndi pensulo, chifukwa kumeneko ndiye kwawo kwa mawuwo. Mukamaliza, mupatse mnzanu kopelo, inu mugwire pepala. Wina atchule mawu, muone amene ayambe kupeza tsamba.